Kodi n'kofunika kutuluka panja ndi penti pamene foni ilipo?

Mchemwali wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti amapenta mapiri ndi maluwa potengera zithunzi za m'foni, ndiye akufunsa ngati kuli kwaphindu kuvutika ndi dzuwa ndi fumbi kutchire pamene ogula sadziwa n'komwe kusiyana kwake. Mawu akumapetowo andikhudza kwambiri, mchemwali, chifukwa ndi omwewo amene ndinkauzidwa ine ndikuyamba ntchitoyi.

Ndinaphunzira kugwira burashi pakhonde la bambo wina ku Blantyre amene ankagulitsa zithunzi kwa alendo. Ntchito inali imodzimodzi tsiku ndi tsiku: dzuwa likulowa, mlambe wakuda bii, mayi atasenza mtsuko, mwina ndi bwato chapatali. Tinkayala nsalu pamzere, wina n'kumapaka thambo lofiira, ine n'kumatsatira pambuyo ndi milambe. Ndalama zinkabwera ndithu. Lendi ndinkalipira, fizi ya mng'ono wanga inkachokera momwemo, ndipo bamboyo ndimawathokozabe mpaka lero. Koma tsiku limene ndinawauza kuti ndikufuna kukakhala m'tsinde mwa phiri ndikalipente mmene lilili, anandiyankha kuti mlendo sabwera kudzagula phiri, amadzagula Africa ya m'mutu mwake.

Ndinapitabe. Ndinakwera minibasi ya ku Mulanje, ndinakatsikira ku Likhubula, n'kukhala moyang'anizana ndi thanthwe la Chambe. Thanthwe lija limayang'ana kumadzulo, choncho m'mawa wonse limakhala mumthunzi, ndipo mthunziwo si wakuda ayi. Muli buluu, muli pepo, muli timizere tobiriwira momwe madzi amatsikira. Foni zonsezo imazisandutsa chibanthu chimodzi chotuwa. Pofika madzulo dzuwa limamenya thanthwe lomwelo, n'kukhala lofiirira ngati mphika wongophulidwa kumene pamoto. Ndinabwerera ndi kabolodi kakang'ono kodzaza ndi mitundu imene sindinasakanizepo pakhonde paja.

Za maluwa ndiye ndimalankhula mokwiya pang'ono. Ambiri a ife timapenta maluwa amene sitinawagwirepo, maluwa a pakalendala ndi pa intaneti, pamene kuseri kwa nyumba kuli chiluwe. Duwa la dzungu limatseguka m'mamawa, dzuwa likakwera lafota kale, ndiye wofuna kulipenta ayenera kulawira n'kugwada m'munda mame asanaume. M'kati mwake muli chikasu chakuya chimene penti wa m'botolo sachifikira mpaka mutadonthezamo kofiira pang'ono. Deliya amayalana m'mbali mwa misewu mvula ikamatha, aliyense amamuona ngati tchire wamba. Jakaranda wa mu Seputembala ndi Okutobala, amene inu a ku Zomba muli naye pakhomo, kamera imalephera kumugwira: ina imamupanga buluu, ina pinki, pamene diso limaona mtundu wapakati umene umasintha mtambo ukangodutsa. Ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid amene amaphuka nthawi ya dzinja. Ndi angati mwa ife amene anakakhalapo pansi kumeneko ndi burashi?

Ndipo musaganize kuti kupenta panja ndi mwambo wakalekale umene ife tinauphonya. Ngakhale ku Ulaya kunafala mochedwa, chifukwa penti ankamusunga m'zikhodzodzo za nkhumba zimene zinkaphulika ndi kuumitsa penti. Mu 1841 John Goffe Rand, wojambula wa ku America amene ankakhala ku London, anapanga chubu chofinya cha chitsulo chofewa, ndipo apo m'pamene zinakhala zosavuta kunyamula mitundu m'thumba. Claude Monet, wojambula wa ku France, mu 1890 ndi 1891 ankapenta milu ya tirigu pafupi ndi kwawo ku Giverny, atandanda nsalu zingapo, kuwala kukasintha n'kusintha nsalu. Milu ya tirigu! Chinthu chimene mlimi aliyense wa kumeneko ankachidutsa osacheuka. Nanga nkhokwe zathu, zigafa za fodya, mizere ya tiyi ku Thyolo chiperoni chikamatsika, n'zochepa pati?

Ndikunena mosabisa: wopenta malo amene satuluka panja amabwereza zimene ena anaona. Dzanja likhoza kukhala laluso kwambiri, koma diso limagona. Ndipo zoti ogula sadziwa kusiyana, ine ndimakana. Mwina sangathe kufotokoza, koma amaima nthawi yaitali patsogolo pa chithunzi chimene chili ndi mphepo ya malowo. Amene amandigula kwambiri masiku ano ndi Amalawi anzathu, ena okhala ku Johannesburg ndi ku UK, ofuna phiri la kwawo lenilenilo, loti aloze n'kunena kuti apa m'pamene timadutsa popita kuchigayo. Munthu wotero simungamunamize ndi mlambe wa m'mutu.

Pali zovuta, sindikubisa. Ana amakuunjirirani, wina amafunsa ngati mwabwera kudzayeza malo, mphepo imagwetsera bolodi m'dothi. Mu Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri mpaka Zomba yense kuoneka mbuu. Koma mbuu ameneyonso ndi wathu, ndipo ndi woyenera kupentedwa.

Tsono muyambe bwanji

Dulitsani hadibodi tizidutswa tosaposa kukula kwa kope, mupake penti woyera wa m'makoma wa PVA kawiri. Tengani mitundu isanu yokha: woyera, wachikasu, wofiira, wabuluu ndi wabulauni, zobiriwira muzisakaniza nokha. Ngati mumagwiritsa ntchito penti wa acrylic, wosungunula ndi madzi uja, khalani pamthunzi ndipo muziwaza madzi pambale yosakanizira, chifukwa kunja kuno amauma msanga. Pitani m'mawa kapena chakumadzulo, ndipo musapitirire maola awiri pa chithunzi chimodzi poti mithunzi imakhala itasuntha. Mukafika pamunda kapena pakhomo pa eni, yambani mwaodira, ndipo kuphiri musapite nokha. Jambulani ndi foni ndithu, idzakuthandizani kukumbukira maonekedwe a nthambi mukamakulitsa chithunzicho kunyumba, koma mitundu muzitenga pa kabolodi kanu. Tizithunzi tating'onoto musatibise, tiikeni pamtengo wotsikirapo pambali pa zazikulu.

Loweruka likubwerali yambirani ku Botanical Gardens komweko, ndipo mukanditumizire chimene chituluke.