Vuto si mutu wanu, achimwene

Bambo wina amene anasiya kuona atakula kale wandilembera imelo. Akuphunzira kugwiritsa ntchito NVDA, screen reader (pulogalamu yowerengera osaona mokweza zimene zili pa kompyuta), koma akuti akatsegula masamba ena pa intaneti, kompyuta imangobwebweta "link, link, button" mpaka iwo kutseka. Akufunsa ngati asinthe browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, kapena ngati iwowo ndi amene mutu sukugwira.

Mawu omalizawo ndi amene andisowetsa mtendere, achimwene, chifukwa inenso ndinadzifunsa zomwezo kwa nthawi yaitali.

Ine ndinayambira pa screen reader ya JAWS, ija yoyeserera imene imayankhula mphindi 40 kenako n'kukhala chete mpaka uzimitse kompyuta n'kuyatsanso. Ndalama yogulira yeniyeni ndinalibe. Tsiku lina ndinkalemba fomu yofunsira ntchito pa tsamba la kampani ina. Ndinadutsa bwinobwino dzina, maphunziro, zonse, ndikuthamangitsana ndi mphindi zija. Nditafika pansi ndinapeza mabatani atatu, ndipo lililonse linkangoti "button". Lotumizira ndi liti, lofufutira ndi liti? Ndinaitana mlongo wanga. Iye anangoti, "Si ili lobiriwirali, alemba kuti Submit." Mawuwo anali mkati mwa chithunzi, ndipo wokonza tsambalo sanavutike kulemba dzina la batani m'malo amene screen reader imawerenga. Mlongo wanga anadina, koma anaonanso malipiro amene ndinapempha, ndi zina zimene sindinafune kuti wachibale adziwe. Anthu oona amaganiza kuti chimatipweteka ndi kuchedwa. Chimapweteka kwambiri ndi kusowa chinsinsi, kuti nkhani ya ndalama zako kapena ya kuchipatala izidutsa kaye m'maso mwa munthu wina.

Mvetsani mmene zimayendera. Screen reader siona sikirini. Browser imatenga tsamba n'kuiuza kuti ichi ndi mutu wankhani, ichi ndi batani lakuti, apa ndi polemba. Ngati womanga tsambalo anangojambula chinthu chooneka ngati batani osachipatsa dzina, browser ilibe chonena, ndipo NVDA ilibe chowerenga. Mungasinthe browser kangati, batani lopanda dzina likhalabe lopanda dzina.

Ndipo asatinamize kuti ndi nkhani yatsopano. Bungwe la W3C, loona za malamulo omangira masamba a pa intaneti, linatulutsa WCAG, malangizo omangira masamba oti olumala azitha kuwagwiritsa ntchito, mu 1999, achiwiri mu 2008, ndipo WCAG 2.2 inatuluka mu 2023. Malangizowo ndi aulere, aliyense atha kuwerenga. Kale ndinkati mwina okonza masamba sadziwa. Pano ndinasiya kuwaikira kumbuyo. Munthu amene amalipidwa pomanga masamba koma sanayesepo kuyenda pa tsamba lake ndi kiyibodi yokha, osagwira mausi, ntchito yake sanamalize. Ali ngati mmisiri womanga nyumba n'kuiwala khomo, kenako n'kumadabwa kuti anthu akulowera pawindo.

Za CAPTCHA, timayeso tija totsimikizira kuti ndiwe munthu osati makina, ndiye musandiyambitse. "Sankhani zithunzi zonse zimene muli basi." Ukapempha ya mawu, amakupatsa phokoso loti ngakhale wa makutu akuthwa agonje. Palinso tinthu tija makampani amagula n'kumata pa tsamba, ati tikonza zonse tokha. Zimene ndakumana nazo ine n'zakuti timangolanda makiyi anga n'kusokoneza zimene ndinazolowera.

Sindikuti ma browser alibe mlandu. Firefox 57 itatuluka mu 2017, ambiri a ife tinaona kuti yayamba kukakamira, ukadina kiyi n'kudikira. Mozilla, kampani yopanga Firefox, inakonzanso mbali imeneyi ndipo mu 2023, pa Firefox 113, zinapepuka. Internet Explorer, imene ambiri tinaphunzirira, Microsoft inaipumitsa mu 2022, ndipo ena anadandaula ngati maliro. Koma chimene chimandilimbitsa mtima ndi NVDA yomwe muli nayoyo. Anaiyambitsa ndi Michael Curran mu 2006, n'kugwirizana ndi James Teh, onse osaona, a ku Australia, ndipo mpaka lero ndi yaulere. Sanadikire kuti wina awamvere chisoni.

Nanga browser iti?

Pa Windows khalani ndi ziwiri, Firefox ndi Chrome. Edge ndi Chrome n'zapachibale kuyambira 2020, choncho tsamba likakana pa imodzi mwina likananso pa inzake, yesani Firefox. Pa iPhone kapena Mac, screen reader ya VoiceOver imayenda bwino ndi browser ya Safari. Pa Android, TalkBack ndi Chrome.

Koma chofunika kuposa zonsezi, lekani kumvetsera tsamba kuyambira pamwamba. Mu NVDA, dinani H kuti mudumphe mutu ndi mutu, B kupita ku batani, F ku malo a fomu, K ku link. Insert ndi F7 imakupatsani mndandanda wa ma link ndi mitu yonse pamodzi. Mukafuna kulemba koma zilembo zikungokudumphitsani, dinani Insert ndi Space. Mu Firefox, F9 imachotsa zotsatsa pa nkhani zambiri n'kusiya mawu okha. Mukayesa zonsezi pa browser ziwiri batani likadali "button", lemberani eni tsambalo, muwauze tsamba lake ndi batani lake, ndipo mutchule WCAG kuti adziwe kuti simukupempha chifundo.