Thanki yoyamba ya nsomba: madzi amchere kapena opanda mchere?

Bambo wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Akuti anaona pa YouTube thanki yagalasi yokhala ndi nsomba za m'nyanja yamchere, ma clownfish aja a mizere yoyera, ndipo mtima unangokhala pomwepo. Sanawetepo nsomba m'nyumba chibadwire, ndiye akufunsa kuti ayambe ndi madzi ati.

Bambo, yambani ndi madzi opanda mchere. Apa sindikukayika ngakhale pang'ono.

Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita imodzi. Thanki ya malita 200 ikufuna makilogalamu 7 kuti mungoidzaza koyamba, ndipo si mchere wothira m'ndiwo ayi, ndi wosakaniza mwapadera wokhala ndi calcium ndi magnesium. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho mchere umenewu, nsombazo, ndi zipangizo monga protein skimmer, kachipangizo kochotsa litsiro m'madzi amchere, zonse ndi zoitanitsa kunja. Madzi akenso amafunika kusefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis), ochotsa zosafunika zosungunuka m'madzi. Ndipo madzi akamauma ndi kutentha, mchere umatsalira n'kuwonjezeka mphamvu, ndiye pafupipafupi muziwonjezera madzi opanda mchere n'kumapima kuti muyezo wa mchere m'madzi (specific gravity) usachoke pa 1.025. Onjezaninso nkhani ya magetsi. Akazima usiku wonse, mapampu amaima, mpweya umachepa m'madzi, ndipo makorali (tizamoyo ta m'nyanja yamchere tooneka ngati miyala yokongola) ndi nsomba zodula zija sizichedwa kufa. Thanki iliyonse imavutika magetsi akazima, koma ya madzi wamba siyovuta kuipulumutsa ndi kapampu ka mpweya koyendera mabatire.

Tsopano chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Mitundu yowala imene mukuisirira ili pakhomo pathu pomwe. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo oweta nsomba ku Germany ndi ku America amapereka ndalama zambiri kuti apeze mbuna zathu, tinsomba towala tokhala m'miyala ya m'nyanjayi. Yabwino kwa woyamba ndi yachikasu ija, Labidochromis caeruleus, yochokera cha ku Nkhata Bay, chifukwa siyolusa kwambiri ngati anzake. Mukadzaona yaikazi yasiya kudya, kukhosi kwatupa, ikubisala kuseri kwa mwala n'kumagwedeza kamwa ngati ikutafuna, musadandaule. Yanyamula mazira m'kamwa, ndipo pakatha masabata atatu idzalavula tiana tosambira kale. Mudzaziona ndi maso anu m'chipinda chochezera.

Komatu mbuna zili ndi malamulo ake. Zimafuna thanki yaikulu, malita 200 kapena kupitirira, yodzaza miyala yosanjikiza bwino, chifukwa zazimuna zimamenyera malo. Yamphongo imodzi ikhale ndi zazikazi zitatu kapena zinayi. Madzi akhale a pH (muyezo wa asidi m'madzi) ya 7.8 mpaka 8.6, ofunda madigiri 24 mpaka 28, kotero kuzizira kwa Juni ndi Julayi ku Lilongwe kukufuna hita. Kunyanja mbuna zambiri zimadya ndere za pamiyala, ndiye zakudya zanyama zikachuluka zimatupa mimba n'kufa. Mbunazo gulani kwa oweta. Ku Cape Maclear mbuna ndi zotetezedwa m'paki ya Lake Malawi National Park, musakatengeko. Ngati malo ndi ochepa, tinsomba tating'ono totchedwa ma guppy m'thanki ya malita 60 tikukwanirani.

Chimene chimapha nsomba za oyamba ambiri ndi phuma. Ndowe za nsomba zimatulutsa ammonia, yemwe ndi poizoni, ndipo mabakiteriya omusandutsa nitrite kenako nitrate, yemwe si woopsa kwambiri, amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti akhazikike mu fyuluta. Thanki iyende kaye nthawi yonseyo popanda nsomba, muziponyamo tichakudya pang'ono kuti mabakiteriyawo achulukane. Madzi a pampopi muziwathira mankhwala ochotsa chlorine. Sabata iliyonse sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo, ndipo siponji ya fyuluta muziichapira m'madzi amene mwachotsa m'thankimo, chifukwa a pampopi amapha mabakiteriya aja.

Chaka chikatha nsomba zanu zili moyo ndipo mtima ukadali pa clownfish, mudzakhala mutadziwa kupima madzi, ndipo mudzayambe ndi nsomba zokhazokha, makorali abwere pambuyo.