Kwa achimwene a ku Furancungo amene afunsa za magemu a nkhani pa chatbot

Achimwene, mwati mukufuna kuyamba kupanga timagemu ta nkhani, tomwe munthu amasewera polemberana ndi chatbot (pulogalamu yoyankha mauthenga ngati munthu), koma muli ndi foni yokha ndipo simukudziwa poyambira. Ine ndimachita zimenezi madzulo ndikaweruka kuno ku Ulónguè, choncho ndikuuzani zimene ndakumana nazo.

Yambani ndi kope ndi pensulo, foni ibwere pambuyo. Mwina mukhumudwa nalo yankho limeneli, koma tamvani kaye zimene zinandichitikira.

Gemu yanga yoyamba inali ya mnyamata wonyamula matumba awiri a mbatata ya kachewere kuchokera ku Dómuè kukagulitsa kumalire ku Calómuè, m'thumba ali ndi meticais 500. Ndinangoifotokozera ChatGPT m'mizere itatu, n'kupereka foni kwa mphwanga wa zaka 12 kuti ayese. Atawerenga kuti chapa (minibasi) yafera panjira, mwanayo analemba kuti, "Ndatulutsa helikopita m'thumba." Chatbot inavomera popanda kufunsa, n'kumuulutsa mpaka kumsika! Kenako anagula mandasi, analipira onyamula katundu, anabwereketsako mnzake, koma pofunsa ndalama zotsala anauzidwa kuti zidakali 500. Anaseka mpaka kugwa pampando, ine manyazi ali tho.

Chimene chimachititsa n'chakuti chatbot yamtunduwu sisunga kaundula ngati wogulitsa m'golosale. Ntchito yake n'kulosera mawu oyenera kutsatira, ndipo anaiphunzitsa kukhala yaulemu ndi yomvera, motero wosewera akanena chilichonse imafuna kumusangalatsa. Komanso macheza akatalika zoyambirira zija imayamba kuzitaya. Gemu yopanda chokaniza sikoma, chifukwa kukoma kwake kuli pakuti ndalama n'zochepa, dzuwa likulowa, ndipo uyenera kusankha.

Ndiye m'kope muja lembani malo osapitirira asanu, zinthu zimene wosewera ali nazo, zimene sangathe kuchita, ndi mathero atatu. Zikakwana zimenezo, muzipereke kwa chatbot monga malamulo. Atatu amene anandithandiza kwambiri ndi awa: izipereka zosankha zitatu zokhala ndi manambala nthawi iliyonse, ikane chinthu chilichonse chomwe sichili m'kope langa, ndipo pamapeto pa uthenga uliwonse izilemba mzere wonena malo, ndalama ndi katundu wotsala. Mzere womalizawu musauderere. Poti chatbot imauwerenganso nthawi iliyonse ikamayankha, ndalama zija zimasiya kumera zokha. Imalakwitsabe apo ndi apo, koma mumaona msanga.

Chenjeraninso ndi nthambi. Mukapereka njira ziwiri, ndipo iliyonse n'kubala zina ziwiri, pofika kusankha kwa khumi muli ndi mathero 1,024. Palibe amene angalembe zonsezo. Njira zanu zizipatukana n'kukumananso, ngati tinjira ta kumunda tomwe tonse timathera pachitsime chimodzi. Kaya mnyamata wanga adikira makaniko kaya abwereka njinga, afikabe pamlatho womwewo, kungoti wina afika ndalama zachepa, wina afika kutada ndipo thumba limodzi lang'ambika.

Ena pagulu pano aziona ngati zachilendo, koma ife tinakulira pomwepo. Agogo akati "Padangokhala", tonse tinkayankha "Tili tonse", ndipo mwana akafunsa kuti nanga Kalulu akanathawira kumtsinje bwanji, agogo ankayikhotetsa nthanoyo koma osaitaya. Ankadziwa kumene ikukathera. Pakompyuta napo n'zakale: Will Crowther analemba gemu ya Colossal Cave Adventure cha m'ma 1976, ndipo wosewera ankangolemba mawu amodzi kapena awiri kuti ayende m'phanga. Chatsopano n'chakuti lero makina amatha kupeka okha mayankho, monga gemu ya AI Dungeon inasonyezera mu 2019.

Za zipangizo, ngati mukufuna kuti nkhani iziyenda ndendende mmene munalembera, onani Telegram. Mumalembera BotFather, akaunti ya Telegram yopangira ma bot (maakaunti oyankha okha), imakufunsani dzina la bot yanu, n'kukupatsani nambala yachinsinsi yotchedwa token. Token imeneyo ndi kiyi wa nyumba, musaiike pagulu. Wosewera amangodina mabatani pansi pa uthenga, helikopita ilibe polowera. Vuto lake n'lakuti pamafunika kapulogalamu, ambiri amalemba m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa Python, ndipo kayenera kukhala pakompyuta yoyaka nthawi zonse kuti bot iziyankha. WhatsApp ndi komwe kuli anthu athu, koma bot yeniyeni kumeneko imadutsira ku WhatsApp Business Platform, yomwe anaikonzera amabizinesi, ndipo mabatani oyankhira sapitirira atatu. Kwa munthu wongosangalala nazo, ndikuona kuti n'kudzipweteka mutu chabe.

Chimene ndimakonda ine ndi Twine, pulogalamu yolembera nkhani zanthambi yomwe Chris Klimas anatulutsa mu 2009. Si chatbot, koma ndi yaulere ndipo imatseguka pa browser, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti. Mukalemba [[Bwereka njinga]] mkati mwa ndime, yokha imakutsegulirani ndime yatsopano ya dzina limenelo, n'kukujambulirani mivi yosonyeza mmene nkhani ikuyendera. Pomaliza imatulutsa failo imodzi ya HTML, yotseguka pa browser, yomwe mungatumize pa WhatsApp, munthu n'kusewera ngakhale mamega a Movitel kapena Vodacom atamuthera. Pafoni imapanikiza maso, sindinama. Muzisunganso kope la failo yanu kwina, chifukwa nkhani zimakhala mu browser momwemo, ndipo ine ndinataya ntchito ya masabata awiri tsiku lomwe ndinkafufuta zinthu kuti foni ipeze malo.

Za chiyankhulo ndiye ndili ndi maganizo olimba. Malamulo ndimailembera chatbot m'Chipwitikizi chifukwa ndaona kuti imawatsatira bwino, koma mawu a anthu a m'nkhani ndimalemba ndekha m'Chichewa chathu. Ndikaisiyira, mayi wogulitsa tomato amayankhula ngati kalata ya ku boma, ndipo nthawi zina imaponyamo mawu a Chiswahili. Mayi wa pamsika amati, "Iii mwanawe, mtengo umenewo ukufuna ana anga adye chiyani?" Mizere yotere lembani khumi kapena kuposa, muiuze chatbot kuti igwiritse ntchito yomweyo osasintha.

Gemu yoyamba ikhale yotha m'mphindi zisanu, ndipo ichitikire komwe mukukudziwa, kaya ndi pamsika wa Furancungo kaya tsiku logulitsa fodya. Mukamaliza iponyeni pagulu pano. Mphwanga uja ali patchuthi, ndimupatsa kuti ayese kuiphwanya.