Mbalame yakuda ija ndi ya paradaiso ndithu

Achimwene, mwafunsa ngati mbalame yakuda yotchedwa manucode ilidi m'gulu la mbalame za paradaiso, popeza ilibe nthenga zazitali zokometsera zija. Ilimo ndithu. Dzina lake la sayansi ndi Manucodia ater, ndipo kwawo ndi nkhalango za m'zigwa ku New Guinea, chilumba chachikulu cha kumpoto kwa Australia, ndi pazilumba za Aru zoyandikana nacho.

Kuda kwakeko kusakunyengeni. Ikakhala pamthunzi mungaiyese khwangwala, koma dzuwa likangoiwomba nthenga zimangoti phuliphuli, apa zobiriwira, apo zamtambo, diso lili psuu. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 40, ndipo yaimuna ndi yaikazi n'zovuta kusiyanitsa.

Chomwe chimandigwira mtima ine ndi khalidwe lake. Mwa abale ake ambiri, yaimuna imavina kukopa zazikazi zingapo, kenako n'kusiyira mayi yekha chisa. Iyi ayi. Imakhala ndi mkazi mmodzi, ndipo kudyetsa ana zimathandizana. Akatswiri ena amaganiza kuti n'chifukwa cha nkhuyu zomwe imadalira: sizipatsa thanzi lokwanira, choncho kholo limodzi silingakwanitse kukhutitsa ana.

M'nkhalango za kwawoko imayamba kudziwika ndi mawu, mluzu umodzi wautali, womveka ngati wachisoni.