Za mafyuzi mwafunsazi, achimwene

Mwati mukufuna kuyamba geni ya zamagetsi, ndiye muzipikula mafyuzi ati, akupsa kamodzi kapena odzuka okha aja a PTC? Tengani akupsa kamodzi. Ndi amene andimangira nyumba ine pano pa Mzuzu. A minibasi ndi a kabaza amafuna apulasitiki aja, ofiira a 10A, abuluu a 15A, achikasu a 20A. Amakanika a wailesi ndi ma TV amafuna agalasi a 5 x 20 mm, ndipo mukawapatsa yolembedwa F (yopsa msanga) pofunika T (yochedwerapo kupsa), ipsa pongoyatsa, abwera akukalipa.

Odzuka okhawo ali ndi malo ake, sindikana: pa USB, pa tinyale ta sola ta 12V. Koma sadula magetsi kotheratu. Akatentha amangopanikiza njira, timagetsi tochepa n'kumadutsabe, mukazimitsa n'kuzizira abwereranso. Pakati pa batire ndi invata musayerekeze n'komwe. Batire ikachita shoti waya amasungunuka, pamenepo pamafunika fyuzi yopsa n'kutheratu.

A PTC amenewa anatsala pang'ono kundigonetsa panja mu 2023. Munthu wina woika masola kunyanja anandipatsa oda yaikulu, ine n'kutenga katapila, ulendo wa ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar es Salaam. Pobwerera, bwana wina wa zamsonkho pachipata cha m'malire anang'amba katoni, n'kutola kamodzi, kachikasu, kakang'ono ngati njere ya dzungu. Anakatembenuza uku ndi uku. "Izi ndi zida za kompyuta." Lisiti langa sanaliyang'ane, analemba mtengo wa m'mutu mwake. Ndinamufotokozera mwaulemu, chipewa chili m'manja, iye maso ali pa foni. Munthu woti geni sanaigwirepo, sadziwa kugona pa basi kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Mbeya katundu uli pamiyendo!

Katoni inagona komweko ine ndikusakasaka ndalama za msonkho. Ili chigonere, mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Wakatapila tsiku lililonse ali pakhomo. Nditauwombola katunduyo, mwini oda anatenga ochepa n'kuwabweza, ati akungodula popanda vuto. Ndi mmene alili a PTC: kukatentha amapirira magetsi ochepa kuposa olembedwa paja, ndiye taganizani dzuwa la kunyanja nyengo imeneyo, bokosi lili pansi pa malata. Wondigulitsa ku Kariakoo zimenezi sanazitchule.

Ndinagulitsa firiji ya mayi akunyumba. Chinandidzutsa ndi timafyuzi ta m'mapulagi ta 13A, kugulitsa kamodzikamodzi mpaka ngongole inatha, ndipo lero anyamata ambiri mumsikamu amaoda kwa ine.

Mukapita kokapikula, apulasitikiwo muziwaunika padzuwa. Abodza alipo ambiri: mtundu wosiyana, koma kachitsulo ka m'kati n'kofanana, ka 10A ndi ka 30A kunenepa chimodzimodzi. Oterowo saapsa, amapsa ndi mawaya a galimoto ya munthu, ndipo mwini galimotoyo sapita ku Kariakoo, amabwera pabenchi panu.