Milamba yanga ikukana kuikira mazira, vuto n'chiyani?

Bambo wina wandilembera imelo kuti wasunga timilamba ta Corydoras chaka chathunthu, tikudya bwino, koma dzira ngakhale limodzi osaliona. Kumapeto wangotchulako kuti pansi pa thanki ya nsombazo anayala timiyala toyera ndi zigoba za nkhono kuti pakongole. Achimwene, nditafika pamenepo mtima unandipweteka, chifukwa dzenje limenelo ndinagweramo inenso.

Ndinali ndi mulu wa miyala yoyera mbee pakona ya thanki, ndipo ndinkainyadira. Miyezi 8 ndinavutika. Ndinasintha chakudya, ndinawonjezera zamphongo, ndinagula hita yatsopano, koma ndikayeza madzi pH, muyeso umene umatsika asidi akachuluka m'madzi, inkangokhala pa 8 osasuntha. Tsiku lina madzulo ndinavuula mwala umodzi, n'kuupukuta, n'kudonthezerapo viniga. Unayamba kuchita thovu pomwepo, kaphokoso kake kakumveka ndikauyandikiza kukhutu. Unali mwala wa laimu. Miyezi yonseyo unkasungunuka pang'onopang'ono, kuthira mchere wake wa calcium carbonate m'madzi, madziwo n'kumalimba (kuchuluka mchere wotere), pH n'kumakwera.

Nsombazi kwawo ndi ku mitsinje ya ku South America, ndipo zambiri zimakhala m'madzi ofewa, okhala ndi asidi pang'ono chifukwa cha masamba ndi mitengo yowolera momwemo. Mtsinje wa Rio Negro madzi ake ndi akuda ndithu, pH yake imatsika mpaka pansi pa 5. Zoonadi mitundu ina, monga Corydoras aeneus, imapirira madzi olimbirako. Koma kupirira ndi kwina, kuswana ndi kwina.

Ndiye ndinene mosabisa: mawu oti "zokongoletsa" atisocheretsa ambiri. Chilichonse cholowa m'thanki chimasintha madzi. Ndipo mankhwala a m'mabotolo otsitsira pH ndimadana nawo kwambiri. Mumathira lero, mawa mwala uja wakwezanso, ndipo kukwera ndi kutsika kumeneko n'kumene kumafooketsa nsomba kuposa pH yokwera yokhazikika.

Chikuni chimachita zosiyana. Chimatulutsa tannin, madzi n'kusanduka ofiirira ngati tiyi, pH n'kutsikako pang'ono. Ambiri amachichotsa poganiza kuti madzi ada. Ine zimandimvetsa chisoni, makamaka kwa oweta Ancistrus, mtundu wina wa milamba, amene amakonda kupala mtengo ndi pakamwa. Ndinaonapo wamphongo atabisala m'mphako masiku angapo osatuluka kukadya, akupepeza mazira ndi zipsepse. Kumulanda chikuni chake n'kumulakwira. Nanga timiyala takuthwa? Timadya ndevu za Corydoras mpaka kutha, pomwe ndevuzo ndi zimene amafufuzira chakudya. Mchenga wosalala ndiye woyenera.

Ndiye muchite chiyani?

Chotsani zigobazo, poti nazonso zimalimbitsa madzi ngati laimu, ndi mwala uliwonse wochita thovu ndi viniga. Ikani chikuni chowiritsa ndi chonyika kale, ndi masamba ouma a mtengo wa catappa awiri kapena atatu. Sinthani madzi pang'onopang'ono kwa milungu ingapo mpaka pH ifike pakati pa 6.5 ndi 7. Yaikazi imodzi ikhale ndi zamphongo ziwiri, muzidyetse nyongolotsi mokwanira, kenako thirani madzi ozizirirako ndi madigiri 2 kapena 3, ngati mvula yoyamba yagwa. M'mawa yang'anani pagalasi: yaikazi imanyamula mazira pakati pa zipsepse za kumimba n'kukawamata pamenepo. Chotsani mazirawo msanga makolo asanawadye, aswa pakatha masiku 3 mpaka 5.