Ndalama m'jumbo pa ulendo wa ku Ulongwe

Mng'ono wanga, wafunsa mmene geni ya kuboda imayendera, komanso ngati ndalama zimapirira dzuwa ndi mvula munthu ukazibisa pokwera njinga yamoto. Za chiphaso ndi mitengo ukafunse ena, zimenezo aliyense pa depoti ya Salima akuuza. Ine ndikuuza za ndalamazo, chifukwa ndi pamene pali chipsera changa.

Kwacha yathuyi ndi ya thonje. Ikanyowa siisungunuka, utoto wake suchoka, anthu amachapira K2,000 m'thumba la thalauza mawa lake n'kukagulira sopo. Imavuta ikanyowa ili pamtolo womanga ndi mphira. Imamatana, ukaimatula mopupuluma imang'ambika, ukaisiya m'jumbo masiku angapo imachita nkhungu ndi fungo. Usamangoopa mvula yokha ayi. Kuno mu Okutobala ukaimanga m'chiuno popanda chotchinga, pofika pa Chipoka yakhuta kale thukuta lako.

Ya a Mozambique ndi ina. Ma meticais a 20, 50 ndi 100 ndi apulasitiki kuyambira 2011, akuluakuluwo ndiye apepala. Apulasitikiwo madzi salowa, ungawaviike m'nyanja pa Senga Bay n'kungowapukuta pa chitenje. Koma asayandikire moto. Dzuwa la m'thumba siliwachita kanthu, chitsulo chotentha ndiye mdani wawo.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitolo yathu inakula. Pepala lalikulu ndi K5,000 basi, ndiye mpamba wa matumba a nyemba unkadzaza m'chiuno monse. Malichi wotsatira ndinanyamuka kukaoda nyemba ku Angónia, dera la ku Mozambique kumene kuli Ulongwe. Ndinali ndi kwacha ya ngongole ya banki mkhonde, ndi ma meticais ang'onoang'ono amene ndinagulitsira usipa ulendo wam'mbuyo, poti alimi akumidzi ya ku Ulongwe sakhala ndi chenje. Pa Golomoti ndinatsika minibasi n'kutenga mnyamata wakabaza kuti tikwere Khwekhwelere, ndikagwire galimoto ya ku Dedza kusanade.

Tisanayambe chitunda anatiimitsa anthu a yunifomu. Mapepala a njinga anali bwino, anga anali bwino, malisiti onse ndinawatulutsa. Ine ndimabisira akuba, sindibisira boma, ndipo paboda ndimaonetsa chimene ndanyamula. Iwo ankafuna ya fanta. Ndinakana. Bambo wina wamkulu ndithu, wa msinkhu wa malume anga, analamula kuti ndimasule lamba pamaso pa anthu, nang'amba jumbo ndi zala, nayamba kuwerenga ndalama zanga akunyambita chala, pang'onopang'ono, kuti nditope ndipereke. “Amayi, ndalama zonsezi mwazitenga kuti?” Ndinati, “Bwana, ndagwira ntchito.” Anatisunga pamenepo kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka mitambo itada kuphiri. Mpaka lero ndikakumbukira chala chimene chija mtima umandiwira. Munthu amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, koma akufuna adye pa mpamba wa mayi amene akweretsa ana anayi sukulu ndi nsomba zouma.

Anandibwezera zonse, koma jumbo ili yong'ambika, ndipo pamalopo panalibe pogula ina. Mvula inatipeza pakati pa makona aja. Amene anakwerapo Khwekhwelere akudziwa kuti palibe pousa, kwinaku phiri kwinaku phompho, ndipo madzi amatsika mumsewu momwemo. Pofika pamwamba ndinali chinyowere mpaka m'kati, mitolo itafufuma.

Tinaima pa tiyirumu ina. Ndinapempha mayi wa pamalopo kachipinda kosinthira zovala, lamba ndinapatsa mnyamata uja kuti andigwirire, poti ndi mwana wa kumpingo kwathu ndipo sanandibereko ngakhale tambala. Iye pofuna kundithandiza anamasula mitolo n'kuyamba kuyanika ndalama pa injini ndi pa ekizozi, njinga itangotha kukwera chitunda chonse chija. Potuluka ndinamva fungo la pulasitiki. Ma meticais a 100 anali atakwinyika ngati usipa wokazinga, nkhope ya Samora Machel itapindikira mkati, ena atamatirira pachitsulo. Ma K5,000 amene anagunda ekizozi anapsa m'mbali, ofiirira. Mwanayo anagwada m'matope akulira. Sindinamukalipire. Amene anang'amba jumbo uja ndiye ndinamutemberera.

Usiku umenewo sindinagone. Mayi uja anandipatsa nyuzipepala zakale, ndinamatula kwacha imodziimodzi, kuiyala pakati pa masamba n'kutsindira ndi matiresi. Zimenezo zinauma bwinobwino, zonse zinayenda. Zopsa m'mbali zija ndinadzakaziika kubanki nditabwerera, poti manambala ankaoneka. Koma ma meticais okwinyika aja palibe mlimi ndi mmodzi yemwe amene anawalandira. Amautembenuza, kuuyang'ana padzuwa, n'kukubwezera mwaulemu: “Pepani mayi, uwu ayi.” Ndinabwerako ndi theka la nyemba zimene ndinalonjeza makasitomala a ku Kamuzu Road, ngongole ikundidikira Lachisanu. Ndinagulitsa firiji ndi mbuzi ziwiri. Koma kafunse amayi a gulu lathu ngati ndinaphonyako tsiku lobweza. Chaka chisanathe firiji ina inali m'nyumba, yoposa yoyamba.

Ukuti bwanji osangoika pa Mpamba kapena Airtel Money? Ika, inenso ndimaikako zina. Koma mlimi ali kumunda kopanda netiweki amafuna agwire ndalama m'manja, ndipo ajenti wa pamudzi akakuuza kuti alibe kashi wokwana, galimoto ya katundu sikudikira.

Ngati uumirirabe kuyamba geniyi, jumbo zikhale ziwiri, yachitatu yopanda kanthu m'chikwama, kansalu pakati pa jumbo ndi khungu lako. Usaike mpamba wonse malo amodzi. Akabaza ena adzakuuza kuti ubise pansi pa chishalo kapena pafupi ndi thanki, ukane, kumeneko kuli kutentha ndi petulo, komanso njinga ikabedwa yapita ndi zonse. Ukadzafika poyendera madola usawanyowetse n'komwe, a ku bureau akaona banga amakana kapena kukudula mtengo. Ndipo nambala ya mnyamata wanga uja usandipemphe, ndimayenda naye ndekha mpaka pano.